Tisakwirire Mlandu Pamodzi ndi Woyendetsa

Ndege ikagwa, sipapita masiku ambiri tisanamve mau amene tidawazolowera tsopano: akuti woyendetsa ndiye adalakwitsa. Mau amenewa ali ndi mphamvu yodabwitsa. Akangotuluka pa wailesi, a kampani mtima umakhala pansi, a boma amatseka mafaelo, ndipo ife anthu wamba timapukusa mitu n'kubwerera ku ntchito zathu. Mlandu watha, chifukwa woimbidwa mlanduyo ali m'manda, ndipo wa m'manda sabwera pa bwalo kudzanena mbali yake. Ife pa tsamba lino tikufuna kutsutsana nawo mau amenewa. Sitikunena kuti ndi abodza ai; kawirikawiri amakhala oona ndithu. Chimene tikukana ndicho kuwasandutsa chivundikiro, kuti anthu asaonenso zimene zili mu mphika. Pakuti amene wanena kuti woyendetsa adalakwitsa wangoyamba kumene kufunsa, ndipo akalekera pomwepo ndiye kuti wakonzera anthu ena maliro.

Nkhani imeneyi si ya kutsidya kwa nyanja kokha. Kuyambira pa 10 June 2024, tsiku limene ndege ya asilikali athu idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, palibe banja m'Malawi muno limene linganene kuti ngozi za ndege n'za anthu akutali. Ku Chikangawa tifikako kumapeto. Koma popeza bala laliwisi limapweteka ngakhale ulikhudze mofatsa, tiyeni tiyambire kutali, kumene mitima yathu ingathe kuweruza mosatekeseka.

Lamulungu, pa 27 March 1977, ndege ziwiri zazikulu za mtundu wa Boeing 747 zidali pa ulendo wopita ku Gran Canaria, chimodzi mwa zilumba za dziko la Spain zimene zili kufupi ndi gombe la Africa. Ina idali ya kampani ya KLM, yochokera ku Amsterdam. Ina idali ya Pan Am, yochokera ku Los Angeles kudzera ku New York. Zisanafike, pa bwalo la ndege la Gran Canaria padaphulika bomba, motero ndege zidauzidwa kuti zikatere pa chilumba choyandikana nacho cha Tenerife, pa bwalo laling'ono la Los Rodeos. Bwaloli silidakonzedwere khamu lotere. Ndege zidadzaza mpaka mu njira yam'mbali imene zimadzera popita kokanyamukira, kotero kuti itakwana nthawi yochoka, zidayenera kuyenda mu msewu weniweni wonyamukira kukatembenukira kumapeto kwake. Dzuwa litapendeka, chifunga chidaphimba bwalo lonse. A pa nsanja sankaziona ndegezo, oyendetsa sankaonana, ndipo bwaloli lidalibe radar yoonetsa zimene zili pansi. Chodalira chidali mau a pa wailesi basi.

Kaputeni wa ndege ya KLM, Jacob Veldhuyzen van Zanten, sadali mwana pa ntchito. Adali mkulu wa aphunzitsi a oyendetsa ndege za 747 pa kampani yake, ndipo chithunzi chake chinkaoneka m'mapepala otsatsa malonda a KLM. Ngakhale wachiwiri wake, amene adakhala naye pambali tsikulo, adayesedwa mayeso oyendetsa 747 ndi iye yemweyo miyezi yowerengeka m'mbuyomo. Koma kaputeniyo adali ndi nkhawa. Malamulo a dziko la Netherlands onena za maola amene oyendetsa angagwire ntchito adali atangokhwimitsidwa, ndipo kuchedwa kwina kukadachititsa kuti ulendo ulephereke, anthu onse agone pa chilumbacho. Atatembenuza ndege kumapeto kwa msewu, adayamba kukweza mphamvu ya injini. Wachiwiri wake adamuchenjeza kuti chilolezo chinali chisanabwere, ndipo iye adamuuza kuti afunse. A pa nsanja adawapatsa malangizo a njira yoti adzatsate akakhala m'mlengalenga, ndipo m'malangizowo mudali liu lonena za kunyamuka. Chimenecho sichidali chilolezo chonyamuka, koma kaputeni adachimva ngati chilolezo, nayamba kuthamangitsa ndege.

Nthawi yomweyo ndege ya Pan Am idali ikadali mu msewu womwewo, ikubwera pang'onopang'ono m'chifunga, itapitirira mphambano imene idauzidwa kuti ipatukirepo. Wachiwiri wa KLM adanena pa wailesi mau osalongosoka akuti tsopano ali pa kunyamuka. Wa pa nsanja adavomera ndi kaliu kamodzi, kenaka adaonjeza kuti adikire, awaitana. Pa kamphindi komweko a Pan Am, atagwidwa ndi mantha, adalankhulanso kuti iwo akadali mu msewu. Mau awiriwo adagundana pa wailesi, ndipo m'ndege ya KLM mudangomveka kuvomera kuja ndi phokoso loliza makutu. Kenaka injiniya wa KLM, amene mpando wake umakhala kumbuyo kwa oyendetsa awiri, adamva a Pan Am akulonjeza kuti anena akachoka mu msewu, ndipo adafunsa ngati ndege ijayo idali itachokadi. Kaputeni adayankha motsimikiza kuti inde, ndipo injiniyayo sadalimbikirenso. Patapita masekondi owerengeka ndege ziwirizo zidaombana. Anthu onse 248 a m'ndege ya KLM adafa. Mwa anthu 396 a m'ndege ya Pan Am adapulumuka 61 okha. Onse pamodzi adafa 583, ndipo mpaka lero palibe ngozi ya ndege imene idapha anthu oposa amenewa.

Kodi kaputeni adalakwa? Adalakwa ndithu. Ofufuza a ku Spain adatero, ndipo kampani ya KLM pomaliza idavomera mlandu n'kulipira mabanja. Koma tawerengani ndi zala zinthu zimene zidayenera kukumana kuti cholakwa cha munthu mmodziyo chiphe anthu 583: bomba, bwalo lodzaza ndi lopanda radar, chifunga, lamulo la maola limene lidaikidwa kuti liteteze anthu koma tsikulo lidafulumizitsa munthu, liu limodzi lomveka pawiri, wailesi imene imameza mau anthu awiri akalankhulira pamodzi, ndiponso antchito awiri amene adakayika koma sadathe kumuletsa mkulu wawo. Dziko likadangoti kaputeni adalakwa n'kumuika m'manda, zonsezi zikadatsala pomwepo, kudikira kaputeni wina. Mwamwayi silidatero. Mau a pa wailesi adakonzedwa. Lero liu lija la kunyamuka limatchulidwa pokhapokha popereka chilolezo chenicheni kapena pochichotsa, ndipo woyendetsa ayenera kubwereza malangizo ofunika monga wawamvera, kuti ngati wamva molakwika wa pa nsanja amukonze nthawi ikadalipo.

Apa ndiye pali mfundo yathu yoyamba. Munthu amalakwitsa, ngakhale akhale katswiri, ngakhale akhale mphunzitsi wa akatswiri. Amatopa, amafulumira, amamva zimene mtima wake ukufuna kumva. Amayi amene aphika zaka 30 tsiku lina amathira mchere kawiri m'ndiwo. Choncho lamulo la chitetezo limene limayembekeza kuti woyendetsa sadzalakwitsa ndi lamulo lachabe. Lamulo labwino limamangidwira tsiku limene adzalakwitse, kuti cholakwacho chikapeze mpanda chisanafike pa miyoyo ya anthu.

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, oyendetsa ndege za nkhondo za ku America za mtundu wa B-17 ankachita chinthu chooneka ngati chopusa: akatera ankapinda matayala ndege ili pansi, ndegeyo n'kukhwekhwereza mimba pa msewu. Malipoti ankangoti woyendetsa walakwitsa. M'chaka cha 1943 msilikali wina wophunzira za maganizo a anthu, Alphonse Chapanis, adayang'anitsitsa m'chipinda cha oyendetsa, napeza kuti chogwirira chopindira matayala ndi chogwirira chopindira timapiko tothandiza potera zidali zofanana, ndipo zidaikidwa moyandikana. Munthu wotopa, maso ali kunja, ankagwira china m'malo mwa chinzake. Adamata katayala kakang'ono pa chogwirira cha matayala, ndi kachinthu kooneka ngati phiko pa chinacho, kuti dzanja lizizindikira lokha, ndipo ngozi zamtunduwu zidachepa kwambiri. Oyendetsa adali omwewo, kutopa kudali komweko. Chidasintha ndi chogwirira. Mpaka lero chogwirira cha matayala m'ndege chimaumbidwa ngati tayala. Nanga anyamata onse aja adalembedwa m'mabuku kuti ndi osasamala, ndani adawapepesa?

Mfundo yachiwiri ikutikhudza ife pafupi kwambiri. Ku Tenerife kudziwa kudalimo m'chipinda cha oyendetsa, koma kudali pa mpando wakumbuyo. Ife tidaleredwa kuti wamng'ono sabweza mau a wamkulu, ndipo mwambo umenewu uli ndi ubwino wake pa mudzi. Koma makolo omwewo adatisiyiranso mwambi wakuti wamisala adaona nkhondo. Ulemu umene umamutseka pakamwa munthu amene waona ngozi ndi ulemu wakupha. Ndipo musaganize kuti ndi nthenda yathu yokha. Pa 28 December 1978 ndege ya United Airlines ya mtundu wa DC-8 idazungulira mumlengalenga pafupi ndi mzinda wa Portland kwa pafupifupi ola limodzi, kaputeni ali wotanganidwa ndi vuto la matayala. Anzake awiri ankaona kuti mafuta akutha, ndipo adatchulako, koma mofatsa, mwaulemu, mosamutsutsa. Mafuta adatha, ndege idagwa pakati pa nyumba za anthu, nafa anthu 10, mmodzi mwa iwo injiniya yemweyo.

Pambuyo pa ngozi ziwirizi, bungwe la NASA lidaitanitsa msonkhano mu 1979, ndipo mu 1981 kampani ya United idayamba maphunziro atsopano amene lero amadziwika ndi dzina lakuti CRM. Maphunzirowa amaphunzitsa kaputeni kufunsa ndi kumvetsera, ndipo amaphunzitsa wamng'ono kunena zimene waona momveka bwino, kuzibwereza, mpaka kukana ngati kuli kofunika. Phindu lake lidaoneka pa 19 July 1989. Ndege ya United ya mtundu wa DC-10, itanyamula anthu 296, injini yake yakumchira idasweka n'kudula mapaipi onse a mafuta oongolera ndege. Palibe buku limene lidali ndi yankho la vuto lotere. Kaputeni Al Haynes adamvera anzake awiri, nalandiranso mphunzitsi wina wa oyendetsa amene adali m'ndegemo ngati wapaulendo wamba, ndipo anayiwo adaiongolera ndegeyo pongokweza ndi kutsitsa mphamvu ya injini ziwiri zotsala, mpaka kukafika pa bwalo la Sioux City. Idasweka potera, anthu ambiri adafa, koma 184 adapulumuka. Haynes mwini wake ankanena pambuyo pake kuti popeza padalibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene adayesapo zoterozo, sipadali chifukwa choganizira kuti iye akudziwa koposa anzakewo. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale ukhale mutu wa kaputeni.

Mfundo yachitatu ndi yakuti cholakwa chobisidwa chimabwerera. Pa 1 December 1974 ndege ya TWA idagunda phiri ku Virginia ikutsikira ku bwalo la Dulles, pafupi ndi Washington, nipha anthu onse 92, chifukwa oyendetsa ndi wa pa nsanja ankamva mosiyana tanthauzo la chilolezo chotsika. Ofufuza adapeza chinthu chowawa: masabata asanu ndi limodzi m'mbuyomo, ndege ya United idatsala pang'ono kugunda phiri lomwelo pa chifukwa chomwecho. Oyendetsa ake adanena zimenezi ku kampani yawo, kampaniyo idachenjeza antchito ake, koma padalibe njira yofikitsira chenjezolo kwa a makampani ena. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma ungachenjere bwanji ngati chimene mnzako adaona sichidakufike? Chifukwa cha ngozi imeneyi, mu 1976 dziko la America lidakhazikitsa njira yakuti woyendetsa, makaniko kapena wa pa nsanja athe kulemba cholakwa chake mwachinsinsi kwa a NASA, amene alibe mphamvu yolanga munthu. Malipoti otere apitirira 1,000,000, ndipo lililonse ndi phunziro limene silidagulidwe ndi maliro.

Maganizo omwewa ali m'malamulo a ICAO, bungwe la maiko onse loona za ndege, limene lidabadwa m'Pangano la ku Chicago la 1944, ndipo Malawi ndi membala wake. Gawo la 13 la malamulo ake limanena poyera kuti cholinga chokhacho chofufuzira ngozi ndi kuletsa ngozi ina, osati kupeza womusenzetsa mlandu.

Tikudziwa kuti ena mwa inu mwakwinya nkhope. Mukuti: kodi pamenepa sitikuphunzitsa anthu kuthawa milandu? Kodi mabanja a akufa alibe ufulu wodziwa amene adawalakwira? Funso limeneli n'loyenera, ndipo sitilizemba. Pali kusiyana pakati pa munthu amene dzanja lake laterereka akuyesetsa kuchita bwino, ndi munthu amene wakwera m'ndege ataledzera, kapena wasaina kuti wakonza injini imene sadaigwire n'komwe. Wachiwiriyu ayenera kulangidwa, ndipo ngakhale njira yachinsinsi ya ku America ija siteteza wolakwira dala kapena wopalamula mlandu. Makhoti alipo, achite ntchito yawo. Koma dziko limene limalanga cholakwa chilichonse mofanana limangophunzitsa antchito ake kubisa. Makaniko amene akudziwa kuti akaulula kuti waiwala kumanga nati achotsedwa ntchito, adzakhala chete n'kumayembekeza kuti natiyo isamasuke. Ndipo mayi wamasiye amene wauzidwa dzina la wolakwa, koma chaka chamawa n'kumva kuti ndege ina yagwa pa chifukwa chomwecho, kodi walandira chilungamo chanji?

Mfundo yachinayi ndiyo imene eni ndalama safuna kuimva: woyang'anira malamulo asamadyere mbale imodzi ndi amene akumuyang'anira. Pa 29 October 2018 ndege yatsopano ya Boeing 737 MAX ya kampani ya Lion Air idagwera m'nyanja itangonyamuka ku Jakarta, nipha anthu 189. Pa 10 March 2019 ina ya mtundu womwewo, ya Ethiopian Airlines, kampani imene ndege zake zimatera ku Lilongwe kuno, idagwa patangopita mphindi zisanu ndi imodzi ichokere ku Addis Ababa kupita ku Nairobi, nipha anthu 157 a maiko 35. Nyimbo ija idayambika msanga. Ku America kudamveka mau, ngakhale a andale, akuti oyendetsa a ku Asia ndi ku Africa ndi osaphunzira mokwanira, ndipo akadakhala a kwawo akadaipulumutsa ndegeyo.

Choona chidatuluka pang'onopang'ono. Pofuna kupikisana ndi ndege yatsopano ya kampani ya Airbus, a Boeing adaika injini zazikulu pa ndege ya mapangidwe akale, ndipo zimenezi zidasintha kaulukidwe kake. Kuti akonze vutolo adaikamo pulogalamu ya kompyuta yotchedwa MCAS, imene inkagwetsa yokha mphuno ya ndege ikaganiza kuti yakwera kwambiri. Pulogalamuyi inkadalira kachipangizo kamodzi kokha koyeza mphepo. Kakanama, ndege inkalimbana ndi oyendetsa ake. Ngozi yoyamba isanachitike, oyendetsa sadauzidwe n'komwe kuti pulogalamuyi ilimo, popeza kampani inkafuna kuti ogula asaononge ndalama pa maphunziro ena. Nanga boma lidali kuti? Bungwe la FAA, loyang'anira ndege ku America, lidali litapereka mbali yaikulu ya ntchito yoyesa ndegeyo kwa antchito a Boeing omwe. Mu December 2018, ngozi yoyamba itachitika, akatswiri a FAA adawerengera kuti popanda kukonza, ndege za mtunduwu zikadatha kugwa zina 15 pa zaka zonse za moyo wake. Komabe zidapitiriza kuuluka. Itagwa ya ku Ethiopia, dziko la China ndilo lidayamba kuziletsa, ndipo America, kwawo kwa ndegeyo, adakhala mmodzi mwa omaliza, pa 13 March 2019. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Sitikubisa kuti ofufuza adapezanso zofooka pa kakonzedwe ka ndege ya Lion Air ndi pa zina zimene oyendetsa adachita. Koma ndege za 737 MAX zidakhala pansi miyezi 20 ku America, komiti ya nyumba ya malamulo ya dzikolo mu September 2020 idadzudzula Boeing pamodzi ndi FAA, ndipo mu January 2021 kampaniyo idavomera kulipira madola 2.5 biliyoni. Zonsezi sizikadachitika dziko likadakhutira ndi yankho lotsika mtengo lija lakuti oyendetsa achilendo adalephera. Cholakwa cha munthu chidalipo ndithu, koma chachikulu chidachitikira m'maofesi, zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo ochichitawo sadali m'ndegemo.

Tsono tibwerere kwathu. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka ku Lilongwe m'mawa kupita ku Mzuzu, ndipo sidafike. Idapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa. Adafa anthu 9, pakati pawo wachiwiri kwa pulezidenti, Dr Saulos Chilima, ndi asilikali atatu oyendetsa ndegeyo. Komiti imene boma lidakhazikitsa idanena mu December 2024 kuti ngoziyo idachitika chifukwa cha nyengo ndi zolakwa za anthu. Bungwe la ku Germany lofufuza ngozi za ndege, BFU, m'lipoti lake lomaliza la mu 2025 lidati ndegeyo, ikuuluka modalira maso a oyendetsa, idalowa m'mitambo ili m'munsi n'kugunda phiri, ndipo lidatchulanso kuti ulendowo sudakonzekeredwe mokwanira. Tsamba lino si bwalo la ndale, ndipo sitidzaonjezerapo mphekesera pa chisoni cha mabanja. Koma tikukana kuti mau akuti zolakwa za anthu akhale chivundikiro kwathu kuno, pamene kwina adakhala chiyambi cha kukonza zinthu.

Pakuti ofufuza a ku Germany omwewo adanenanso zina. Ndegeyo idalibe makina ojambula mau a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege, amene anthu amawatcha black box. Kachipangizo kamene kamalira pa wailesi ndege ikagwa, kuti ofunafuna aipeze msanga, sikadagwire ntchito, chifukwa batire lake lidatha nthawi yake mu 2004. Zaka 20! Kodi ameneyonso ndi mlandu wa amene adali pa chiongolero m'mawa umenewo? Zaka zonsezo anthu angati adadutsa pa ndegeyo, mapepala angati adasainidwa, ndipo ndani adali ndi udindo wofunsa? Dziko lonse lidagona usiku wathunthu osadziwa kumene ndege ili. Ndipo pamene palibe mau ojambulidwa, pamamera mphekesera. Munthu aliyense amadzaza mpatawo ndi zimene mtima wake ukuopa. Boma limene silisunga umboni limadzilanda lokha mwayi woti anthu alikhulupirire.

Tidziwenso kuti Pangano la ku Chicago lija silikhudza ndege za asilikali. Malamulo a ndege zotere dziko lililonse limadziikira lokha, kotero sitingayembekeze mlendo kuti adzatikakamize. Dziko la Poland lidakumana ndi tsoka lofanana ndi lathu pa 10 April 2010, pamene ndege ya asilikali ake idagwa m'chifunga pafupi ndi Smolensk ku Russia, nipha anthu 96 pamodzi ndi pulezidenti Lech Kaczyński. Ofufuza a boma la Poland sadalekere pa oyendetsa. Adaloza zofooka pa maphunziro ndi kayendetsedwe ka gulu lonse la asilikali lonyamula atsogoleri, ndipo mu 2011 nduna ya chitetezo idatula pansi udindo, gululo n'kuthetsedwa.

Chimene tikupempha n'chosavuta kumva. Ndege iliyonse yonyamula anthu m'dziko muno, ya kampani kapena ya asilikali, ikhale ndi zipangizo zojambula ndi zolozera zogwira ntchito, ndipo aziziyesa anthu amene salandira malamulo kwa mwini ndegeyo. Pakhale lamulo lolembedwa lakuti woyendetsa akanena kuti lero nyengo siyilola, mau ake ndi omaliza, kaya wanyamula ndani, ndipo asadzavutike pa ntchito chifukwa cha kukanako. Wamng'ono aliyense, pa nsanja kapena m'galaja la ndege, akhale ndi khomo lokanenako cholakwa mopanda mantha. Malipoti a ngozi azisindikizidwa onse, ndipo aphungu athu azifunsa chaka ndi chaka kuti mwa malangizo amene ofufuza adapereka, atsatidwa ndi angati.

Ena adzati ndife osauka, ndipo ambiri mwa owerenga tsamba lino sadzakwerapo ndege. Koma batire ndi lotsika mtengo kuposa bokosi la maliro, ndipo ana athu amene amapita ku Johannesburg, ku Nairobi ndi ku London kukaphunzira kapena kukagwira ntchito amakwera ndege zomwezi. Kuonjezera apo, chizolowezi chimene tikutsutsachi sichikhala pa bwalo la ndege pokha. Minibasi ikagubuduzika timamva kuti dalaivala ankathamanga, osafunsa kuti adagona maola angati, mwini galimoto adamulamula kubweretsa ndalama zingati pa tsiku, ndipo adapereka chiphaso cha matayala akuthawo ndani. A ndege adaphunzira kufunsa mafunso otere atalipira ndi miyoyo yambirimbiri, ndipo n'chifukwa chake ulendo wa pa ndege lero ndi wotetezeka kuposa wa pa msewu. Phunzirolo adatilipirira kale; kwa ife n'kungolitenga.

Choncho, abale, tsiku lina mukadzamvanso pa wailesi kuti woyendetsa ndiye adalakwitsa, musadzangopukusa mutu. Mudzafunse kuti adalakwitsa bwanji, adali atagwira ntchito maola angati, zipangizo zake zidali zotani, ndani adali pambali pake ndipo adali ndi ufulu wolankhula kapena ai, ndani adayenera kuyang'anira zonsezi, ndipo chasintha n'chiyani kuyambira tsikulo. Muwaphunzitsenso ana anu, pamodzi ndi ulemu umene muwaphunzitsa kale, kuti akaona moto anene kuti moto, ngakhale wamkulu atanena kuti kulibe. Injiniya uja wa ku Tenerife adafunsa funso loyenera pa nthawi yoyenera, nayankhidwa ndi liu limodzi, nakhala chete. Anthu 583 adali ndi masekondi owerengeka okha oti iye afunsenso.